Chojambula cha mwana chingasonyezedi kuti akuzunzidwa kapena ali ndi vuto la maganizo? Thandizeni

NyaMhango_Zolozolo:

Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha amene mumadziwa za uphungu kapena za matenda a maganizo mundithandize chifukwa nkhani iyi yandisowetsa tulo. Ine ndimathandizira pa Children's Corner kwathu kuno ku Zolozolo Loweruka lililonse, ana amabwera ambiri ndithu, timaimba, amasewera mpira, kenako timawapatsa mapepala ndi makrayoni kuti ajambule. Chaka chatha tinaitanidwa ku wekishopu ina mtauni muno ndipo anatigawira pepala la fotokope lofotokoza matanthauzo a zojambula za ana. Pepalalo limati mwana akajambula munthu wopanda manja nde kuti akuchitiridwa nkhanza kapena akudziona wopanda mphamvu, akagwiritsa ntchito krayoni yakuda yokhayokha nde kuti ali ndi dipuresheni, akadzijambula kakang'onong'ono pakona nde kuti amadziderera, munthu wamkulu akamuika manja akuluakulu nde kuti munthuyo amamumenya, ndi zina zambiri mpaka za mawindo a nyumba ndi mizu ya mtengo.

Nde pali mnyamata wina wa zaka 9, wangoyamba kubwera chaka chino, anachokera ku Nkhotakota ndipo akukhala ndi azakhali ake. Ndi wofatsa mopitirira, salankhula pokhapokha umufunse, mpira sasewera amangokhala pambali kuonerera anzake. Sabata yatha tinawauza kuti aliyense ajambule banja lake. Iye wajambula nyumba, mzimayi, tiana tiwiri, ndi bambo wamtali amene manja ake ndi akulu kuposa mutu, zonse ndi krayoni yakuda, ndipo pansi pakona penipeni pali kamunthu kakang'ono kopanda manja. Mwachidule zonse zili pa fotokope ija zakwanira pa pepala limodzi.

Mnzanga amene timagwira naye ntchitoyi akuti tisachedwe, tipite kwa a block leader kapena ku Victim Support tikanene kuti amuna awo a azakhaliwo akuzunza mwana. Ine mtima wanga ukukana, osati kuti ndikuopa ayi koma ndikuganiza kuti tikakaneneza munthu chifukwa cha krayoni kenako nkupezeka kuti sizoona mwanayu azikhala bwanji pakhomopo, si angomubweza kumudzi kapena kumuletsa kubwera kuno komwe tikumuonako. Komanso ndikakhala chete mwana nkukhala kuti akumenyedwadi, mlandu ukhala pa ine.

Funso langa ndi loti kodi akatswiri a art therapy, aja amathandiza odwala maganizo kudzera m'kujambula, amayezadi matenda a maganizo poyang'ana chojambula? Pepala lija ndilidalire mpaka pati? Ngati mukufuna ndikhoza kuchitola pa foni nkuchiika pano muone nokha.

Bambo_a_Tiwonge:

Mayi musachedwe. Mwana sanama akamajambula, zimene pakamwa akulephera kunena dzanja limanena. Ine ndaonera ma video ambiri pa TikTok akufotokoza zomwezi, wakuda ndi chisoni, wopanda manja ndi nkhanza, nde ngati zonse zapezeka pamodzi mukudikiranso chani. Ana okhala kwa achibale ndi amene amaona zakuda kwambiri, tonse timadziwa, amagwira ntchito zonse za pakhomo nkudya pomaliza. Bola kulakwitsa poteteza mwana kusiyana nkudzalira mawa. Ikani chithunzicho tione.

Mlangizi_Katoto:

Choyamba asisi, chonde chithunzicho musachiike pano kapena pa gulupu iliyonse ya WhatsApp. Ndi chinsinsi cha mwana ndipo Mzuzu ndi wamng'ono, zimene mwalemba kalezi zakwana, musaonjezere zina zoti wina amuzindikire. Ndipo ngakhale mutachiika, palibe wa ife pano amene angayang'ane pepala nkunena kuti mwana uyu akumenyedwa kapena ali ndi matenda akutiakuti. Amene angakuuzeni kuti iye amatha, musamukhulupirire.

Ine ntchito yanga ndi ya uphungu ndipo ana ndimawapatsa mapepala kuti ajambule nthawi zambiri, nde musaone ngati ndikunyoza kujambula. Koma ndikuuzeni kaye kumene fotokope yanuyo inachokera. Mu 1926 mayi wina wa ku America, Florence Goodenough, anayambitsa mayeso ouza mwana kuti ajambule munthu, iye nkumawerenga kuti waikapo zingati, khosi, zala, nsidze, zovala, ndipo cholinga chake chinali kuona kakulidwe ka nzeru za mwana osati chisoni kapena nkhanza. Mu 1948 John Buck anabweretsa zoti munthu ajambule nyumba, mtengo ndi munthu, zimene amazitcha House-Tree-Person, nkumwe kwachokera za mawindo ndi mizu zija. Mu 1949 Karen Machover analemba kuti chiwalo chilichonse chili ndi tanthauzo lobisika, maso akuluakulu akuti ndi munthu wokayikira anzake, mutu waukulu akuti ndi wodera nkhawa za nzeru zake. Zojambulitsa banja zinatchuka kwambiri mu 1970 ndi Burns ndi Kaufman, iwo ankati mwana ajambule aliyense wa m'banja mwake akuchita chinachake. Zimene zikuzungulira m'mawekishopu ndi pa TikTok lero zinachokera kumeneku, kungoti zinadulidwadulidwa mpaka kutsala ndandanda ya chizindikiro ndi tanthauzo lake.

Vuto nde loti anthu atazifufuza bwinobwino zambiri sizinatsimikizike. Kafukufuku amene ine sindimuiwala ndi wa Loren ndi Jean Chapman mu 1967. Anatenga zojambula za odwala nkuziphatikiza mwachisawawa ndi mawu ofotokoza vuto la munthu, kutanthauza kuti panalibe mgwirizano ngakhale pang'ono pakati pa chithunzi ndi vuto limene lalembedwa pamenepo, kenako anapatsa ophunzira a pa koleji oti za mayesowa sanaphunzirepo. Ophunzirawo atayang'ana anayamba kunena kuti taona, okayikira anzawo amajambula maso achilendo, odandaula za umuna wawo amajambula mapewa otambasuka, ndendende zimene akatswiri a nthawi imeneyo ankanena kuti aziona kwa odwala awo. Ndiye kuti tanthauzolo silinali pa pepala, linali kale m'mutu mwa woyang'anayo. Zimenezi zimagwira aliyense, ukangouzidwa kuti manja akulu ndi nkhanza maso ako amathamangira pamanjapo, zina zonse zili pa pepalapo osazionanso. Mu 2000 Lilienfeld, Wood ndi Garb anaunikanso kafukufuku wambiri wa mayeso amtunduwu ndipo anapeza kuti kumasulira chizindikiro chimodzichimodzi pa chojambula cha munthu kulibe umboni wokwanira. Pa nkhanza penipeni, palibe chizindikiro cha pa chojambula chimene chatsimikizika kuti chimasiyanitsa mwana wozunzidwa ndi wosazunzidwa. Ana osangalala bwinobwino amaiwala manja, ndipo ana ena ozunzidwa koopsa amajambula maluwa ndi dzuwa likumwetulira, awa nde amene fotokope yanuyo ingawadumphe.

Sikuti a art therapy anasiya kuyang'ana zojambula ayi. Ena monga Linda Gantt ndi Carmello Tabone anatulutsa mu 1998 njira yotchedwa FEATS, aliyense amapatsidwa ntchito imodzimodzi yojambula munthu akuthyola apozi mumtengo, pepala lofanana, ma marker 12 ofanana, kenako amayeza zinthu 14 ndipo sayang'ana kuti chinthu ichi chikutanthauza chani koma kajambulidwe kake, watenga malo ochuluka bwanji pa pepala, mitundu wagwiritsa ingati, mizere ili ndi mphamvu kapena ndi yofooka, zinthu zikugwirizana kapena zangobalalika, munthu wojambulidwayo wapeza njira yanji yofikira chipatso. Iwo anaona kuti odwala matenda okhumudwa kawirikawiri amagwiritsa mitundu yochepa ndi malo ochepa. Koma mumve bwino, kawirikawiri, pa gulu la anthu ambiri, ndipo anali akuluakulu a m'chipatala ku America osati mwana wa ku Nkhotakota. Ngakhale kwa iwowo chojambula chimangoonjezera pa zimene wapeza pocheza ndi munthuyo, ndi abale ake, ndi mbiri yake. Si ngati kachipangizo koyezera malungo kaja koti wabaya chala, mizere iwiri yatuluka, basi kalandireni LA.

Mayeso ojambula amene ku chipatala amathandizako ndi a wotchi, timauza agogo amene akuiwalaiwala kuti ajambule wotchi, aike manambala, mivi iloze 10 past 11, zimatipatsa chithunzithunzi ngati ubongo ukuvutika kukonza zinthu mwadongosolo. Koma nawonso agogo oti sanapiteko ku sukulu amalephera pamene mutu wawo uli bwinobwino. Kwa akuluakulu tikafuna kuyeza nkhawa ndi kukhumudwa timagwiritsa mafunso, SRQ-20 kapena PHQ-9, onse alipo m'Chichewa, ndipo ngakhale amenewo amangotiuza kuti uyu tifunika tikhale naye pansi.

Nde chitani izi. Loweruka mukhale naye pambali pomwe ena akukuonani koma sakumva, chithunzi chili pakati panu, munene kuti tandiuza za chithunzi chakochi. Uyu ndani, akutani, nanga uyu. Musafunse kuti ankolo amakumenya eti, chifukwa mwana wofatsa amangovomera kuti asangalatse wamkulu, ndipo ngati nkhanza ilipodi funso lotero limaononga umboni nkhani ikafika ku polisi. Zimene wanena mulembe momwe wanenera, mawu ake enieni, ndi deti. Ndipo muyang'ane mwanayo kuposa pepala, akugona bwanji, akudya, ku sukulu akupita, ali ndi mabala kapena zipsera, nthawi yoweruka ikakwana amaopa kubwerera kunyumba. Akanena yekha kuti akumenyedwa kapena kugwiridwa, kapena mukaona mabala, tsiku lomwelo pitani ku ofesi ya social welfare, Victim Support, kapena One Stop Centre ku Mzuzu Central, kapenanso imbani 116 ndi yaulere. Lamulo loteteza ana la 2010 lili kumbali yanu pamenepo.

Aphunzitsi_Chibavi:

Ine za ma kafukufuku sindingaonjezere koma ndaphunzitsa sitandade 1 ndi 2 nthawi yaitali nde ndikufunseni mayi, makrayoniwo mumagawa bwanji? Chifukwa ngati mumangokhuthula pamkeka ndikuuziranitu zimene zimachitika, ana olongolola amalumphira wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, mwana wachilendo wamanyazi amadikira phokoso lithe nkutola chimene chatsala, ndipo chotsala nthawi zonse ndi wakuda ndi wabulauni. M'kalasi mwanga zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku. Komanso ife anthu ndi akuda, tsitsi lakuda, mwana akufuna kujambula azakhali ake atenge krayoni yanji?

Za manja nazo, palibe chinthu chovuta kujambula kwa mwana ngati dzanja. Ambiri amangolisiya, ena amabisa kumbuyo, nde amene walimba mtima kuti aike zala zonse zisanu amawerenga chimodzichimodzi akujambula ndipo pomaliza dzanja lakula kuposa thupi. Viktor Lowenfeld amene analemba za kakulidwe ka ana pojambula mu 1947 anati mwana wa zaka 2 mpaka 4 amangokhwatchakhwatcha, wa 4 mpaka 7 amajambula mutu wokhala ndi miyendo, wa 7 mpaka 9 amakhala ndi kajambulidwe kake kamene amangobwereza ndipo chimene akuchiona kuti nchofunika amachikulitsa, chosafunika amachisiya. Nde manja akulu akhoza kungotanthauza kuti munthuyo amamudziwa ndi ntchito ya manja.

China chimene alendo obwera ndi mafotokopewa sachidziwa ndi choti ana athu ambiri pepala loyera lonse lathunthu sanapatsidwepo. Kunyumba amakalipiridwa akaononga kope, nde anazolowera kulemba ting'onoting'ono pakona kuti malo atsale. Ena pensulo aigwira koyamba tsiku loyamba sukulu. Koma mwana yemweyo amene pa pepala akuoneka ngati wotsalira mupatseni dongo akuumbirani ng'ombe ya linunda ndi nyanga zake, mupatseni mawaya akupangirani galimoto yokhota ndi chiwongolero. Ndipo zimene amajambula zambiri ndi zokopera pa bolodi, taonani nyumba zimene ana amajambula, zambiri zili ndi chumuni ndi utsi pamwamba pamene kwawo amaphikira panja pa mbaula. Za apozi zimene anena alangizizo nazonso, mwana wa kuno mtengo wa apozi anauona kuti, mukati mango nde akujambulirani mwana akugenda.

Komanso mwati wachokera ku Nkhotakota. Anzake pa mpirapo akulankhula Chitumbuka, iye mwina sakumva bwino, kukhala pambali kwakeko kukhoza kukhala kumeneko. Ana otere ndimalandira chaka chilichonse, teremu yoyamba amakhala duu, yachiwiri nde osawagwiranso. Sindikuti alibe vuto, ine sindinamuone. Ndikungoti mumupatse bokosi lake la makrayoni asanayambe ena, pepala lalikulu, ajambule kangapo masabata angapo, kenako muone ngati wakudayo akumusankha yekha.

Wachira_265:

Ine ndiyankhe ngati munthu amene anakhalapo mbali inayo. Ndinadwalapo matenda okhumudwa kwambiri mwana wanga atamwalira, ndinkangokhala mchipinda osasamba osadya, ku chipatala akandifunsa mafunso pakamwa pankangouma. Anesi ena anandipatsa kope ndi mapensulo amitundu kuti ngati kulankhula kukuvuta ndizijambula chilichonse. Ndinkajambula nyanja, tsiku lililonse nyanja ndi bwato limodzi lopanda munthu, masamba ambirimbiri.

Wachibale wina anapeza kopelo pansi pa pilo, osandifunsa kanthu, anakaonetsa banja lonse kuti taonani akufuna akadziponye m'nyanja, bwato lopanda munthu ndi imfa. Kope langa linayenda m'manja mwa anthu mpaka ku mapemphero, aliyense kuikapo tanthauzo lake, wina akuti ndi mizimu ya m'madzi. Zinandipweteka kuposa mmene ndingafotokozere pano chifukwa malo okhawo amene ndinkapumirako anali kopelo, ndipo ndinasiya kujambula kwa nthawi. Chonsecho nyanja ija inali ku Nkhata Bay kumene ndinakulira, bwato linali la malemu bambo anga limene ankalikocheza m'mawa ife tikuthamangira kukaona usipa, ndipo munthu sindinkaikamo chifukwa anthu sinditha kujambula, basi.

Anesi aja nditabwerera anangoti tandiuzeni za malo awa, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kulankhula, kuyambira za bambo anga mpaka kufika pa mwana wanga. Za kudzipha anandifunsa ndithu koma anandifunsa ndi pakamwa, maso ndi maso, kuti kodi maganizo ofuna kuchotsa moyo wanu amakubwererani, ine nkuyankha zoona zake. Sanazitenge pa bwato. Patapita miyezi tinayala zojambula zonse patebulo motsatana madeti ndipo ine ndemwe ndinaona kusintha, zoyamba zinali zofooka pensulo yongokhudza pepala, zakumapeto zinali ndi mapiri, anthu ochapa, mitundu yambiri. Pamenepo nde ndingavomere kuti zojambula zimaonetsa mmene munthu alili, koma zambiri motsatana, za munthu mmodzi yemweyo, mwini wake ali pompo akufotokoza.

Pambuyo pake ndinawerenga kuti amene anayambitsa mawu oti art therapy mu 1942, Adrian Hill wa ku England, anali katswiri wojambula amene anagonekedwa ndi TB nkuona kuti kujambula kukumuthandiza iye ndi odwala anzake. Zinandilimbitsa mtima kuti zinayambira kwa wodwala. Mayi, mwanayo akadziwa kuti pepala lake lapita kwa a block leader sadzakujambuliraninso.

Asekuru_Luwinga:

Ana anga, kuchiza maganizo ndi luso si zachilendo kuno kumpoto. Vimbuza tili nayo kuyambira makolo, mpaka a UNESCO anaiika pa mndandanda wawo mu 2008. Wodwala amakhala kwa sing'anga masabata kapena miyezi, ng'oma zikulira, amayi akuimba ndi kuomba m'manja, abale ali pomwepo, ndipo zimene munthu sakanatha kunena pamaso pa apongozi zimatuluka m'nyimbo ndi m'kuvina. Ena mumakhulupirira ena ayi, ine sindikukakamiza munthu, ndipo wodwala kwambiri apite ku chipatala, a St John of God othandiza odwala maganizo tili nawo konkuno sitichita kulowera ku Zomba. Ndimangofuna kunena kuti ngakhale akale sankathamanga, ankakhala naye munthu nthawi.

NyaMhango_Zolozolo:

Yewo chomene nonse, chithunzi sindinaike ndipo sindiika. Dzulo ndinakhala naye pakhonde la tchalitchi anzake akusewera, ndinachita monga munanenera alangizi. Poyamba anangoti zii, ine osamukakamiza, ndinatenga pepala langa nkumajambula nanenso, patapita nthawi anayamba yekha kuloza. Akuti wamtaliyo ndi ankolo, amaumba njerwa, manja ndi akulu chifukwa amanyamula chikombole chodzadza dothi ndipo iye amawathandiza kutunga madzi. Mzimayi ndi azakhali, tiana tiwiri ndi ta azakhaliwo. Nditafunsa za kamunthu ka pakona kaja anati si iye, ndi mlongo wake wamng'ono amene anatsala ndi agogo ku Nkhotakota, manja sakuoneka chifukwa wafunda chitenje cha amayi awo. Amayi awo anamwalira chaka chatha, ine sindinkadziwa. Ndinafunsa kuti nanga iwe uli pati, anati ine mulibe, kuno si kwathu.

Kenako anandiuza zina zimene sindinafunse nkomwe, akuti usiku tulo sabwera amaganiza za mlongo wake ngati akudya, ndipo chibwerereni kuno wayamba kukodza pogona zimene kwawo sankachita, nde azakhali amamuuza ayanike mphasa yake panja pomwe ana a ma neba amaona nkumamuseka. Za kumenyedwa sanatchule ndipo mabala sindinaone m'manja ndi m'miyendo. Aphunzitsi munanena zoona za makrayoni, ndinamupatsa bokosi lake wajambula bwato lofiira ndi nsomba zachikasu, koma pepala lonselo wangogwiritsa kachigawo kapansi.

Mnzanga uja akuti mwana akubisa. Ine mtima wanga wasweka ndi za mlongo wakezo. Pano nditani?

Bambo_a_Tiwonge:

Ndamva zonse ndipo za TikTok zija ndazisiya, koma mnzanuyo musamutsutse kwambiri. Mwana amene akudya pakhomo pa munthu sangamuneneze tsiku loyamba, amadziwa kuti akalankhula nsima itha. Kukodza pogonako nanenso ndinamva kuti nthawi zina kumabwera ndi nkhanza. Musatseke nkhaniyi chifukwa choti wafotokoza bwino chithunzi.

Mlangizi_Katoto:

Bambo a Tiwonge apa mwalankhula zoona ndipo sindikutsutsani. Kufotokoza kwa mwana sikutseka nkhani, monganso chithunzi chija sichinali chokwanira kuitsegula ku polisi. Ana ambiri amaulula pang'onopang'ono akaona kuti wamkuluyu ndi wodalirika, nde chofunika kwambiri pano ndi choti apitirize kubwera Loweruka lililonse ndipo azipeza munthu yemweyo.

Asisi, zimene mwapeza ndi zazikulu kale. Mwana wataya mayi, walekanitsidwa ndi mlongo wake, wasintha dera ndi chilankhulo, zonse m'chaka chimodzi, sakugona, ndipo wayamba kukodza pogona atasiya kalekale. Kukodza kobwerera chonchi kumachitika kawirikawiri mwana akakumana ndi zothetsa nzeru ngati maliro kapena kusamuka, nkhanza nayo ikhoza kuyambitsa, koma pali zifukwa zina za m'thupi monga matenda a m'chikhodzodzo ndi shuga, ndipo poti wachokera kunyanja akamuyezenso likodzo. Nde poyambira ndi ku chipatala kukayezetsa mkodzo, ndipo imeneyi ndi njira yabwino yolowera kwa azakhaliwo popanda kuwaloza chala. Mupite ngati mnzawo wofuna kuthandiza, mwina nawonso ndi olira, wamwalirayo ndi mlamu wawo kapena m'bale wawo ndipo alandira mwana wina pakhomo poti zinthu nzovuta kale. Muwafotokozere kuti sachitira dala, kuti kumuyanikitsa mphasa pagulu kumangoonjezera vutolo, aziyanika kuseri, achepetse zakumwa madzulo ndipo azikodza asanagone. Musanapite mumuuze mwanayo zimene mukanene ndipo mumufunse ngati pali zina zimene sakufuna zikanenedwe, chithunzi musapite nacho pokhapokha iye atalola. Ngati kuli foni kwa agogo kapena kwa neba wawo, kumva mawu a mlongo wake ngakhale kamodzi pa sabata kungamuthandize kwambiri pa tulo.

Zojambula apitirize, kuseri kwa pepala lililonse muzilemba deti ndi mawu ake, muzisunga mu envelopu yake pamalo okhoma, ndipo akafuna kutenga ndi zake. Mukhozanso kumupempha ajambule kwawo, kapena chinthu chimene ankakonda kuchita ndi amayi ake, koma akakana musaumirire. Zoti akugwiritsa kachigawo kapansi muzingoziona mmene zikuyendera pa miyezi, musazipatse dzina.

Pakatha mwezi kapena iwiri tulo osabwera, akuonda, wasiya sukulu kapena akulankhula zofuna kutsatira amayi ake, mupite naye kwa a uphungu ku St John of God kapena ku Mzuzu Central pamodzi ndi azakhali, zomalizazi zokha musadikire nkomwe mwezi. Mnzanu uja mupite naye limodzi kunyumbako aone yekha mmene mwana amakhalira ankolo akalowa, ngati amawayandikira kapena amanjenjemera. Mukaona mantha otero, mabala obisika, kapena akakuuzani kanthu kena ngakhale kamodzi, imbani 116 kapena pitani ku social welfare tsiku lomwelo ndipo mukanene mawu a mwanayo ndi zimene maso anu aona.